Nyumba ya Pamwamba pa Thabwa

Perumbavoor, Kerala
3 Malichi 2002

Amake Moyna,

Salamu zanga zikupezeni nonse, inu ndi Ma, amayi anga, ndi Moyna wathu. Ine ndili bwino. Chifuwa chija chinatha, kwangotsala fumbi la matabwa limene limatulukabe m'mphuno ngakhale Lachisanu nditasamba kawiri.

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Mwati nsungwi za aneba athu a Sattar zagwera m'madzi. Ndiye kuti pakati pa mtsinje wa Padma ndi khomo lathu patsala munda wa mpiru ndi mtengo wa mango basi. Musaganize kuti poti ndili kutali ndaiwala. Pitani kwa Haji Nasiruddin, mutenge Ma kuti akakupatseni ulemu, mukawauze kuti kamalo kawo kaja ka kuseri kwa msewu wotchinga madzi tikukafunabe. Anandilonjeza kuti adikira mpaka mvula. Pa zimene ndatumiza pa positi mugule mankhwala a Ma, zotsalazo muwapatse Haji kuti aone kuti sitikuseka. Nyumba yathu iyenera kukwera kumtunda chaka chino, china chilichonse chidikire.

Ntchito ndi yomwe ija. Chipika cha mtengo wa mphira chimazungulira pa mpeni n'kumasendeka ngati nsalu ikufutukuka m'sitolo, ine ndi Ekramul kumalandira uku ndi uku. Ndikunena Ekramul wa kuseri kwa msewu, mwamuna wa mnzanu Anowara. Ndati mnzanu dala. Ndikudziwa kuti chidyereni abakha ake nazale yathu ya mpunga simupatsana moni, koma kuno amuna anu amadyera mbale imodzi, ndipo tonse tikulira mafuta a mpiru, poti anthu a kuno ngakhale nsomba amaikazinga ndi mafuta a kokonati.

Tsopano ndikuuzeni zoseketsa. Lamlungu sitigwira ntchito, ndipo m'chipinda mwathu masana simukhalika ndi kutentha. Tinapeza kanyumba kena pafupi ndi msika, ka bungwe la apantchito, kali ndi mbendera yofiira pakhomo ndi fani kudenga. Ife tinatsata faniyo, osati mbendera. M'menemo muli nyuzipepala zimene sitingawerenge, ndi mkulu wina dzina lake Velayudhan, amene moyo wake wonse anali wokwera mitengo ya kokonati, kuyenda khomo ndi khomo atasenza makwerero a nsungwi. Pano miyendo inatha, amangosesa ndi kuwiritsa tiyi wopanda mkaka. Timawatcha Chacha, monga titchulira bambo aang'ono kwathu. Chilankhulo chathu sadziwa, chawo ifenso sitidziwa, timakumana pa Chihindi chothyokathyoka ndi manja.

Chacha ali ndi masewera amene anapanga okha pa chidutswa cha thabwa. Mukaona mungati ndi a njoka ndi makwerero aja Moyna amasewera ndi anzake. Pansi anajambula matope, pamwamba penipeni kanyumba ka malata ka zenera lobiriwira. Anthu ndi zitsekerero za mabotolo, ndipo timaponya nthanga za bwemba zopalidwa mbali imodzi kuti tidziwe poyenda. Koma palinso chinati chachitsulo, chija chomangira bawuti, chimene sichili cha wosewera aliyense. Chimenecho ndiye mwini fakitale. Tonse tikaponya chimatsika chokha kabokosi kamodzi. Chikapeza chitsekerero chili chokha chimachigwetsera kumatope, chikapeza ziwiri pamodzi chimabwerera m'mbuyo ndicho. Makwerero nawo sukwera pokhapokha mnzako ataima patsinde kukugwirira, iyeyo n'kutaya mwayi wake woponya.

Ine zonsezi ndinangoti inde inde. Dzanja langa mukulidziwa. Nthanga zinandikonda, ndinanyengerera Ekramul kuti andigwirire, ineyo osagwirira munthu, n'kulowa m'kanyumba kaja anzanga akadali m'matope. Ndinaimirira n'kuvinako pang'ono. Chacha anaseka mpaka kutsokomola, kenako anatola chitsekerero changa n'kuchikhazika pamwamba pa chinati chija.

"Wakhala kapitawo, bhai, m'bale wanga," anatero. "Tsopano chitsulochi chiziyenda kawiri. Mwaluza nonse, ndi iwe yemwe."

Akuti kupambana ndi kulowa nonse, woyamba ndi wotsiriza. Ndinawafunsa kuti ndi masewera anji opanda ngwazi, anangondithirira tiyi wina.

Koma kanyumbako kandilowa m'mutu. Mkuluyu si wojambula, denga n'lopendama, koma ndikayang'ana zenera lija ndimaona ngati m'katimo muli munthu akupeta mpunga. Kuntchito ndimapezeka ndakwera kale, ndakhala pakhonde pake, kuli zii, kulibe madzi akumveka.

Mwamuna wanu,
Tajemul

14 Epulo

Amake Moyna,

Mtendere kwa inu nonse. Ndili moyo, kupatula dzuwa limene latisenda kumsana. Ndamva kuti bondo la Ma layambanso. Muziwapaka mafuta a mpiru otenthetsa ndi adyo, akakana muziwauza kuti ndanena ine.

Mwandikalipira bwino m'kalata yanu. Mwati anzanga akumanga nyumba za njerwa, ine ndinakwera sitima ulendo wonse uja kukasewera ndi zitsekerero za mabotolo. Ndavomera. Koma ndi Lamlungu lokha, ndipo salipiritsa, pamene anzangawo Lamlungu amakataya ndalama ku kanema.

Njoka za pa thabwa la Chacha zili ndi maina. Ina ndi Matenda, ina Katapila, ina Ukwati wa Mwana Wamkazi, kakafupi konenepa ndi Apolisi. Tsiku lina anatifunsa ngati kwathu kuli njoka imene iwo aisiya. Tonse tinayankha pamodzi kuti mtsinje. Sanamvetse. Kuno mitsinje imasefukira n'kubwerera pamalo pake, ndiye ankaganiza kuti tikunena za madzi olowa m'nyumba. Ndinawauza kuti wathu umayenda. Ndinawauza kuti mudzi umene Ma anabadwira lero uli pakati pa madzi, asodzi amaponya ukonde pamwamba pa mzikiti umene Abba, bambo anga, ankapempheramo ali mwana. Kenako anandipatsa kabulashi ndi utoto wabuluu.

Ndinaijambula ine, mutu wake pakhomo penipeni pa kanyumba, mchira m'matope, thupi likukhotakhota thabwa lonse. Chacha anadandaula kuti yatalikitsa, palibe adzapambane. Ekramul, amene mawu ake umachita kugula, anati, "Isiyeni, Chacha. Ndi mmene ulili."

Za Ekramul ndiye musanene. Munthuyu nthanga zimamuda. Akaponya zonse zimagwa chafufumimba, amangokhala kumunsi kwa thabwa, ndipo poti ali pansi kale, ndi iye amagwirira aliyense makwerero. Ndimamuseka kuti anabadwa ali mzati. Iye amati bola mzati kusiyana ndi khwangwala wa padenga, kunena ine. Mpaka lero sitinapambanepo. Nthawi zonse wina amafika pakhomo, mtima n'kumuthawa, n'kulowa yekha. Kawirikawiri winayo ndi mwamuna wanu.

Kuntchito maso amaona zina. Thabwa likamasendeka limatuluka ndi mizere ya mtengo, ndipo ine ndimaona Padma m'menemo, pena ndi zisumbu zamchenga, pena ndi bwato. Lina linatuluka ndi kamfundo kakuda pambali pa mzere waukulu, ndinati iyi ndi nyumba yathu. Ndinalipenda mpaka Ekramul anandikuwa kuti makina sadikira wolota.

Mpiru musagulitse wonse, mtengo ukwera mvula ikayandikira. Muyang'ane mfundo za denga, zovunda muzisinthe. Mwati Haji akukupatsani moni wa theka. Musadandaule, eni malo amatero akafuna kuti uthamange. Ndipo muzindiuza zoona za gombe, musamandibisire poopa kuti ndidwala mtima.

Tajemul

19 Meyi

Amake Moyna,

Salamu. Ndili bwino kwambiri, ndikhulupirira inunso. Uzani Moyna kuti chithunzi cha bakha chimene anandijambulira ndachimata pakhoma, ngakhale sindikumvetsa kuti amayi ake analola bwanji bakha kulowa m'kalata.

Khalani pansi musanapitirize. Bwana wa fakitale anandiitana mu ofesi n'kundipatsa mpando. Mpando, amake Moyna, wa khushoni. Akuti kapitawo amene amayang'anira ife a ku Bengal achoka mvula ikayamba, ndipo akufuna munthu wachangu, womvako chilankhulo chawo. Akuti ndikayamba adzandipatsa malipiro a miyezi ingapo pamodzi. Kuphatikiza ndi zimene Haji analandira kale, kamalo kaja ndi kathu. Pitani mukawauze asapereke kwa wina, mawu a bwana ndili nawo. Muyambe kuyeserera kayendedwe ka mkazi wa kapitawo.

Chichokereni mu ofesimo mapazi anga sakufika pansi. Ndikumanga nyumba m'mutu. Malata ndi omwewa, mizati yomweyi, koma kumtunda, kumene mvula ikamagwa munthu amagona osatchera khutu kumtsinje. Zenera ndidzalipaka utoto wobiriwira. Ma azidzakhala pakhonde kuona mabasi akudutsa ndi kujeda otsikamo. Inu mudzabzala mphonda zokwera padenga. Ndafika poona ngakhale mthunzi wa masamba ake ukugwedezeka pankhope panu.

Chacha sindinawauze. Palibe choipa chimene ndachita, koma ndikaona chinati chija ndimayang'ana kumbali.

Kanthu kena. Ekramul wadzipweteka dzanja pa mpeni, ali kuchipatala. Musamuuze Anowara, ngakhale mutayamba kulankhulana. Adzalemba yekha, kapena nditi wina adzamulembera. Mpeni uja ulibe chotchinga, tinanena kalekale. Ine ndinali mbali inayo, ndipo thabwa linafika m'manja mwanga lili ndi mtundu wina. Basi, tisiye pomwepo. Pamenepa musawawerengere Ma.

Tajemul

23 Juni

Amake Moyna,

Mtendere ukhale nanu. Thupi lili bwino. Mvula yafika kuno, ikugwa osapuma, zovala sizikuuma, mpunga wa m'thumba wayamba kununkha nkhungu.

Mwezi uno ndatumiza zochepa, wamawa mwina sinditumiza. Makina aima. Anthu a mbendera yofiira anabwera pachipata kunena kuti palibe wolowa mpaka Ekramul alipidwe zala zake ndiponso mipeni itchingidwe. Ndanena tsopano. Ndi zala, za dzanja lamanja, chatsala chachikulu chokha. Bwana akuti anadzicheka yekha chifukwa cha tulo. Eni dziko anyanyala onse. Ife a ku Bengal tangokhala m'chipinda kuyang'anana, poti sitinabwere kuno kudzaimba nyimbo pachipata.

Bwana anandiitananso, ulendo uno sanandipatse mpando. Akuti Lolemba likubwera linalo ndilowe ndi anyamata athu, makina alire, ukapitawo ndi wanga tsiku lomwelo pamodzi ndi ndalama ija. Anyamata akuti achita zimene ndichite ine. Sindinapemphe munthu kuti ayang'ane kwa ine.

Ndinapita kwa Chacha masana, ndinapeza kulibe munthu. Ndinayala thabwa n'kumasewera ndekha, zitsekerero zonse zanga. Mvula padenga inkamveka ngati Padma mwezi wa Ogasiti. Ndinasinza chokhala, ndipo ndinaona njoka yabuluu ija ikuyenda pa thabwa, ikumeza timabokosi kamodzikamodzi, mwaulemu, mosafulumira, mpaka inafika pakhomo n'kuodira. Nditadzidzimuka Chacha anali atakhala pambali panga. Anali atamva kale, tauni ino ndi yaing'ono. Ndinkafuna andilalikire, kuti ndipse mtima ndipeze pochokera.

"Nyumba yanga ili pa mwala, bhai," anatero. "Ine sindingakuuze kanthu. Ili ndi thabwa chabe, ndinalitola kudzala."

Ndinakwiya nawo kuposa akanandinyoza.

Mwati madzi alowa m'munda wa mpiru, mizere ya kumapeto yapita. Mwati Haji apeza wina wogula, akungodikira mawu anga omaliza. Ndawerenga, amake Moyna. Ndikudziwa chimene ndinabwerera kuno. Mundipempherere, koma sindikuuzani choti mupemphe, poti inenso sindikuchidziwa.

Tajemul

7 Julayi

Amake Moyna,

Ndikupatsani moni, ngati mudzaulandire mukamaliza kuwerenga. Sindikudwala.

Lolemba ndinadzuka nditatsimikiza mtima. Ndinavala malaya oyera aja munandisokera mabatani, ndinadzola mafuta m'tsitsi, ndinatsogola, anyamata akunditsata m'mbuyo. Njira yonse ndinkangoona zenera lobiriwira. Ndinadziuza kuti Ekramul ali ndi bungwe lonse lomumenyera nkhondo, inu muli ndi ine ndekha.

Pachipata panali anthu ambiri, akuimba m'mvula. Ndinakonzekera kutukwanidwa, koma anangotipatukira. Ekramul anali atakhala pa njerwa pafupi ndi chitseko, dzanja lomangidwa lili pachifuwa, linalo lagwira ambulera. Ankafuna kuyatsa kafodya kake, ndiye manja sanakwane. Ambulera inkapendekera uku ndi uku, bandeji n'kumanyowa. Atandiona anaseka.

"Khwangwala wavala zoyera lero. Lowa, bhai. Nyumba yanga ili kuseri kwa msewu, yako ili pakamwa pa madzi, ndani sakudziwa? Ungondigwirira kaye ambulerayi ndiyatse."

Ndinaigwira. Machesi anali onyowa, dzanja lamanzere losazolowera, woyamba unathyoka, wina unazima. Ndinati ndidikire ayatse. Atayatsa ndinati ndidikire akokeko kamodzi. Mlonda anandikodola, belu linalira, ine ndili chigwirire. Sindinaganize chilichonse chanzeru, musandiyese munthu wa mfundo. Dzanja lokha linakana kubweza ambulera kwa munthu amene alibe pogwirira. Chitseko chinatsekedwa ndikuona. Anyamata anakhala pansi pambali panga mmodzimmodzi, ndipo malaya anga oyera anathera matope.

Ndiye kamalo kapita. Uzani Haji agulitse kwa amene akufuna, ndipo ngati ali ndi manyazi akubwezereni zimene analandira, koma musakangane nawo. Ndili ndi chisoni chimene sindinakhale nachopo, ndipo ndikuchita manyazi pamaso panu, chifukwa amene azigona akumvetsera mtsinje ndi inu, ine ndili pouma ndi ulemu wanga wa pachipata, umene sudyeka.

Tsopano mverani bwino. Mukaona ming'alu pansi pa mtengo wa mango, musadikire. Yambani ndi Ma, Moyna ndi mbewu. Kenako denga, poti malata ndiwo nyumba, zipupa za nsungwi tidzaluka zina. Mfundo zili pamwamba pa mizati, muzingodula, musavutike ndi kumasula. Makwerero athu aja mwendo umodzi ndi waufupi. Musakwere nokha, ndapota nanu, muitane munthu agwire.

Tajemul

8 Sepitembala

Amake Moyna,

Salamu, ngati kalata ino ikupezeni kumene ndailembera. Ndalemba, ndalembanso, kuli zii. Ngati ndi mkwiyo, ndaulandira, kwiyani mpaka chikondwerero cha Idi, koma lembani mzere umodzi wokha. Ngati si mkwiyo, ganizolo sindikufuna kulimaliza.

Munthu wina wa ku Jalangi, kufupi ndi kwathu, wafika sabata ino. Akuti gombe lonse la kumunsi kwa msika lagwa, makalata akuunjikana kusukulu kumene anasamutsirako positi. Ndinamufunsa za kwathu ku Nolbona. Anati sanafikeko, kenako anayamba kuyang'ana mapazi ake. Ekramul nayenso sanalandire kanthu.

Sitalaka inatha. Mipeni aitchinga, Ekramul amupatsa kenakake, kosakwana zala koma kenakake, ndipo amusunga kuti azisesa. Anyamata onse abwerera. Ine bwana akuti malo anga anatha. Musadandaule, ndikugwira kwa mwana wa mchemwali wawo wa Chacha, amene amakwera mitengo ya kokonati. Ndimamusenzera makwerero ndi kutola zimene wagwetsa. Sekani ngati mukufuna, Ekramul waseka kale. Malipiro ndi ochepa koma amapereka tsiku lomwelo. Zimene ndasonkhanitsa ndatumiza m'dzina la aphunzitsi a Moyna kuti zisasochere.

Ntchitoyi ndi yoyang'ana kumwamba tsiku lonse. Mitengo imagwedezeka, mitambo imadutsa kulowera kwathuko, mutu n'kuyamba kuyandama. Dzulo ndinaona bwalo lathu lili m'mitambo, mtengo wa mango uli ndi mizu yake yonse panja, inu mukuyanika sari pa chingwe chosamangidwa paliponse. Ndinakuitanani mokweza. Kokonati inagwa pafupi ndi phazi langa, mwini ntchito ali kumwambako anandifunsa ngati ndatopa nawo moyo.

Kwa Chacha ndimapitabe koma sindisewera. Ndimangoyang'ana njoka ndinajambula ija, n'kumadzifunsa chimene ndinaikira mutu wake pakhomo penipeni. Lembani, chonde.

Tajemul

13 Okutobala

Golenur,

Ndakutchula dzina, Ma akamva anene zimene anganene. Kalata yako yafika. Mulungu ndi wamkulu. Ndinaitsegulira panjira makwerero ali paphewa, ndinakhala pansi m'mphepete mwa msewu mabasi akundiwaza madzi. Muli moyo nonse atatu. Ine ndili bwino tsopano, dzana sindinali bwino.

"Nyumba ilipo, malo ake ndiwo kulibe." Wayamba choncho, wopanda ngakhale moni, ndipo ndayenera.

Ndikulembera zimene walemba iwe mwini, kuti undikonze ngati ndikuona molakwa, poti chiwerengereni zikungoyenda m'maso mwanga. Ndi masana, ming'alu yatseguka pansi pa mango. Amuna a mudzi wonse ali kuno kapena kumzinda wa Dilli, kwatsala nkhalamba zongopereka malangizo. Waimika makwerero athu opunduka aja m'matope, wayamba kukwera wekha ngakhale ndinakuletsa, ayamba kupendama. Mwadzidzidzi aima nji. Wayang'ana pansi, ndi Anowara.

"Kwera, ndagwira. Za abakha tikakanganirana kumtunda."

Wadula mfundo zonse. Akazi a m'mudzi alowa pansi pa denga, alinyamula lathunthu osachotsa lata ngakhale limodzi, n'kuyenda nalo m'minda ya anthu mpaka kudutsa msewu, Ma akutsata m'mbuyo ndi nkhuku kukhwapa, akukalipira aliyense kuti akupendeketsa. Moyna akuti nyumba inamera miyendo. Mizati munaipulumutsa, koma m'mawa mwake mango unali utapita, ndi munda, ndi pamene panali khonde. Mtengowo ndaulira, sindibisa. Anabzala ndi Abba.

Wati denga laima pabwalo la Anowara, pafupi ndi khola, ndipo abakha akulowa m'nyumba ngati kwawo. Asiye. Adye chimene afuna. Ndinamuwerengera Ekramul pamenepo, anaphimba nkhope ndi dzanja lake lija, sindikudziwa ngati ankaseka.

Watinso za ukapitawo tidzakambirana ndikabwera, ndipo mawuwo wawalemba mokanikiza mpaka pepala labooka. Ndamva. Sindikupempha kuti unene kuti ndinachita bwino. Tilibe dothi lathu ngakhale lodzaza dzanja, tikukhala pabwalo la eni, ndipo amene wasenza zonsezi pamutu ndi iwe.

Ndinawafotokozera Chacha ndi manja ndi Chihindi changa. Pa za miyendo ya nyumba anati ndibwereze. Kenako anatenga mpeni n'kupala kanyumba kaja pa thabwa mpaka kufufutika, zenera lobiriwira ndi zonse. Ndinafuna kuwaletsa, mtima unandiwawa. Anakhuthula machesi m'kabokosi, n'kukaika pamene panali nyumba. Akuti analakwitsa kuijambula, nyumba ya anthu ngati ife iyenera kunyamulika. Lamulo latsopano ndi lakuti zitsekerero zikakumana zambiri zitha kusuntha kabokosiko kuchoka pakamwa pa njoka yabuluu. Tinasewera, Ekramul akuponya ndi lamanzere. Tinaluzabe, koma mochedwa, ndipo amene analowa yekha sindinali ine.

Ndibwera pa Idi. Moyna ndamugulira nsapato, undiuze ngati phazi lakula. Ndagulanso kachitini ka utoto wobiriwira. Zenera tilibe, ndikudziwa, tidzapeza chopaka.

Chimodzi chokha ndikupempha. Tsiku limenelo udzabwere pamsika pamene basi imaima. Kwa Ekramul ndikukudziwa, sindingasochere. Koma miyendo iyi yayenda njira imodzi chibadwire, ndipo ndikaisiya yokha idzandipititsa kumtsinje, ndikaime pagombe ndi katundu m'manja, kuyang'ana madzi pamene panali khomo lathu. Udzandigwire mkono, Golenur, undionetse kwathu.

Mwamuna wako,
Tajemul